Inki Yofiira pa Nkhani ya Lozaliya

Kapata, Chipata
Lamulungu masana

Mwana wanga Esinati,

Funso limene ndikufuna kuti lithe usanakwere basi ya mawa ndi ili: kodi munthu amene waonetsa zolemba zake kwa wowerenga mmodzi, wowerengayo n'kumupweteka, ayenera kuzibisa kwa anthu onse mpaka kalekale? Iwe wayankha kale kuti inde. Ine ndikuti ayi, ndipo ndikufuna kukutsutsa mwadongosolo, ngakhale kuti wowerenga amene anakupwetekayo ndi ine ndemwe.

Ndiyambe ndi kulemba mlanduwo monga unachitikira, kuti pasakhale kuzemba. Masabata atatu apitawo unandipatsa masamba asanu ndi anayi amene unalemba za malemu amayi ako aang'ono, mng'ono wanga Lozaliya. Unandipeza ndili pa tebulo ndikuchonga makope a Giredi 6, ndipo unati ndiwerenge ndikapeza mpata. M'mawa mwake ndinakubwezera atadzaza inki yofiira, mizere kunsi kwa mawu, mivi m'mbali, ndipo kumapeto ndinalemba kuti ukonze ndi kulembanso bwino. Sindinanene china chilichonse. Unawayang'ana, unawapinda pakati, n'kunena kuti, "Zikomo, aphunzitsi." Kuyambira tsiku limenelo umandiyankha ndi ulemu wa mlendo. Dzulo ndinakumva ukuuza atate ako kuti ku koleji ku Kitwe uzikalemba zokhazo zimene alekichara akufuna, ndipo palibe mnzako amene adzaone pepala lako lisanaperekedwe. Masamba aja sali m'sutikesi mwako. Ndinawapeza kunsi kwa matiresi pamene ndimachotsa zofunda zako kuti ndichape.

Atate ako akuti ndiisiye nkhaniyi, idzazirala yokha. Iwo ndi kalaliki, ndipo amakhulupirira kuti fayilo ikakhalitsa pa shelefu nkhani yake imatha. Ine sindikhulupirira zimenezo. Ndikuopa kuti ukapita chonchi, koleji ikupatsa satifiketi, koma kulemba kwako kwenikweni kutsalira kunsi kwa matiresi m'nyumba muno, ndipo wolakwa adzakhala ine.

Umandidziwa ngati mayi ako ndiponso ngati mphunzitsi, koma usaiwale kuti inenso ndine wophunzira. Ndinakubereka ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo yunivesite imene ndinaiphonya nthawi imeneyo ndikuithamangitsa tsopano kudzera m'makalata, chino ndi chaka chachinayi. Zimene ndikuuze pano sizochokera m'buku la malangizo. Ndi zolakwa zanga, ndipo zina mwa izo unaziona ndi maso ako osadziwa kuti n'chiyani.

Chaka chimene ndinayamba, tinapezeka atatu a dera lathu lino pa kosi imodzi: ine, a Sakala amene ndi ahedi pa sukulu ina kufupi ndi Tamanda, ndi Amayi Jere a ku Chiparamba. Onse awiriwa ndi akulu kwa ine. A Sakala anayamba ntchito ya uphunzitsi ine ndikadali kusewera masanje. Alekichara tinkawaona kamodzi pa chaka tikapita ku Lusaka. Nthawi ina yonse unkatumiza asayimenti, n'kudikira miyezi, n'kuilandira ili ndi malikisi ndi mawu awiri kapena atatu. Ine ndinali ndi moto. Pobwerera kuchokera ku Lusaka ulendo woyamba, m'basi momwemo, ndinawauza anzangawo kuti n'zochititsa manyazi kuti ife amene timauza ana kuti azithandizana timaphimba mapepala athu ndi chigongono ngati tili pa mayeso. Ndinati tiyambe envulopu yozungulira: aliyense aziikamo zimene walemba, enawo aziwerenga ndi kunena maganizo awo zisanapite ku Lusaka. Anavomera, mwina kuti ndikhale chete.

Envulopuyo inkakhala kwa Lozaliya, pa khonde la sitolo ija ya pamsika wa Kapata pamene ankasokera, mu dirowa ya mabatani ndi mazipi. Aliyense akabwera m'tauni ankatenga za mnzake n'kusiya zake. Lozaliya ankadzitcha positimasitala wa anthu ophunzira, ndipo ankati tsiku lathu lovala mikanjo adzakhale pa mpando wakutsogolo, chifukwa digiriyo mbali ina ndi yake.

Kulakwa kwanga koyamba kunagwera a Sakala. Analemba masamba khumi ndi awiri okhudza chilango m'sukulu, ndi dzanja lija la kumishoni, chilembo chilichonse chitaima ngati chili pa perete. Ankanena kuti ndodo ili ndi malo ake m'kalasi. Ine ndinkatsutsa zimenezo, ndipo ndikutsutsabe. Koma m'malo mowalembera chifukwa chake, ndinachita chimene dzanja la mphunzitsi limachita lokha likagwira pepala: ndinatenga bolopeni yofiira. Ndinakhwatcha, ndinazunguliza, m'mbali ndinalemba kuti awa ndi maganizo achikale, ndipo kumapeto ndinawapatsa malikisi asanu ndi atatu pa makumi awiri. Palibe amene anandipempha malikisi. Sindinaganizenso kuti limenelo linali pepala loyera, lokonzeka kutumizidwa, ndiponso kuti analibe lachiwiri.

Anatsegula envulopuyo Loweruka, pa khonde pomwepo, ine ndilipo, amayi angapo akudikira madiresi awo. Anavala magalasi, n'kutembenuza tsamba limodzi limodzi osafulumira. Atafika kumapeto anandiyang'ana.

"Amayi aphunzitsi," anatero, "kodi ine ndili giredi chani m'kalasi mwanu?"

Ndinayankha mwamphamvu kuti choonadi sichiona msinkhu. Iwo anati choonadi sanachikane, koma pepala lotere sangalitumize, ndipo kwatsala masiku asanu okha, oti positi yomwe iyenderemo. Anapempha mpando kwa Lozaliya, anagula mapepala m'sitolomo, n'kukhala pa tebulo lodulirapo nsalu, kukopera zonse kuyambira tsamba loyamba. Analemba mpaka dzuwa kupendeka, anthu akudutsa ndi kuwapatsa moni. Chakumapeto ankalemba pang'ono, n'kuika bolopeni pansi kuti apumitse dzanja. Ndipo mvetsa ichi, Esinati: sanasinthe mfundo ngakhale imodzi. Nthawi imene akanaganizira zimene ndinanena inathera pa kukopera. Inki yanga yonse ija sinapulumutse mwana ndi mmodzi yemwe ku ndodo.

Atapita, Lozaliya, amene anasiyira sukulu Giredi 7, anandiuza mawu amene alekichara onse sanandiuzepo.

"Asisi," anatero, "ine munthu akabwera kuti ndione ngati diresi lamukhala, sindiyamba ndi sizasi. Ndimaika timapini, iye n'kudziyang'ana pa galasi. Akakana, ndimachotsa, nsalu ikadali yathunthu."

A Sakala anasiya kuika mapepala awo mu envulopu kwa chaka chonse. Kumbukira zimenezi ukadzagwira pepala la mnzako. Mwambi umati wakutsina khutu ndi mnansi. Umati kutsina, sunati kudula.

Kulakwa kwachiwiri kunabadwa mwa koyamba, ndipo n'kumene kumandichititsa manyazi kwambiri. Nditaona zimene ndinachita, ndinagwidwa ndi mantha, ndipo manthawo ndinawatcha chifundo. Amayi Jere anaika pepala lawo. Funso linali loti tiyerekeze njira ziwiri zophunzitsira ana kuwerenga. Iwo analongosola njira imodzi yokha, mokoma, ndi zitsanzo za m'kalasi mwawo, koma yachiwiri sanaikhudze n'komwe. Ndinaziona pa tsamba lachiwiri lomwe. Ndinatenga kapepala n'kulemba kuti zakoma kwambiri, Mulungu awadalitse. Pepala lawo linabwera kuchokera ku Lusaka litalephera, ndipo popeza mayeso olemba sanawayendere bwino kwenikweni, anauzidwa kuti abwereze phunziro limenelo chaka chonse.

Mwina ukukumbukira tsiku limene anabwera kuno pa njinga, fumbi lili mpaka m'mawondo, iwe n'kuwapangira tiyi amene sanamwe. Anatulutsa kapepala kanga kaja m'Baibulo mwawo n'kukayala pa tebulo.

"Munaona kapena simunaone?"

Ndinavomera kuti ndinaona.

"Ndiye kuti munandiona ndikutuluka m'nyumba diresi litang'ambika kumbuyo, inu n'kundiuza kuti ndatchena. Bola mukanandichita monga munachitira a Sakala. Iwo anataya Loweruka limodzi, ine ndataya chaka."

Usaiwale, mwana wanga: kuyamikira chinthu chimene ukuona kuti chigwa si ulemu. Ndi kudziteteza wekha, mnzako n'kukalipira. Ku koleji upeza atsikana ambiri amene adzakuuza kuti zakoma asanafike tsamba lachiwiri. Uwakonde, uzidya nawo, koma usawasandutse owerenga ako, ndipo iwe usakhale wotero kwa wina aliyense.

Tsopano ndikuuze chimene ndikuthokozera Mulungu ndi anthu awiriwa, pakuti kalatayi si ya kulira kokha. Amayi Jere sanachoke mu envulopu. Anali ndi chifukwa chokwanira chondibwezera, ndipo mpata unabwera msanga. Ndinalemba pepala lotentha lokhudza makolo akumidzi amene amachotsa atsikana pa sukulu. Ndinati anthu amenewa salemekeza maphunziro, ndinati amaona mwana wamkazi ngati khasu. Ndinalinyadira kwambiri pepala limenelo. Ndinawawerengera atate ako mokweza kawiri. Linabwerako kwa Amayi Jere loyera monga ndinaliperekera, kupatula kapepala kamodzi kolembedwa ndi pensulo. Poyamba anabwereza m'mawu awo zimene anamva kuti ndikunena, kuti ndidziwe ngati andimvetsa. Kenaka anatchula ndime imene inawagwira mtima. Pomaliza analemba kuti: "Makolo amenewa ine ndimakhala nawo. Inu munalankhulapo ndi angati?"

Ndinakwiya masiku atatu. Ndinawadandaulira atate ako kuti amayi aja akundibwezera chipongwe mwanjira yaulemu. Iwo anapinda nyuzipepala yawo n'kundifunsa kuti, nanga ndi angati? Panalibe ndi mmodzi yemwe. Loweruka lotsatira ndinapita ku Chiparamba, nthawi yokumba mtedza, ndipo Amayi Jere ananditenga ku makomo anayi. Mayi wina anandiuza kuti anachotsa mwana wake chifukwa njira ya kusukulu imadutsa m'dambo lalitali lopanda nyumba, ndipo mtsikana wina wa m'mudzimo anachitidwa zoipa kumeneko. Anati sukuluyo itayandikira, iye yekha angamuperekeze mawa lomwe. Wina anandionetsa makope akale a mwana wake amene anawasunga m'kabokosi ngati zikalata za munda. Bambo mmodzi ananenadi molunjika kuti sukulu ya mkazi ndi kutaya nthawi, ndipo ndinakangana naye mpaka Amayi Jere kundikoka chitenje. Choncho sikuti ndinalakwitsa zonse. Koma ndinali nditaweruza anthu anayi ndi mlandu wa mmodzi. Pepala limene ndinalembanso linali ndi phokoso lochepa ndi mphamvu zambiri, ndipo kufikira lero ndikalowa m'kalasi n'kuona mpando wa mtsikana uli wopanda munthu, ndimayamba ndafunsa. Funso limodzi la pensulo linachita zimene masamba khumi ndi awiri a inki yanga analephera.

A Sakala nawonso anabwerera. Tsiku lina ndinapeza pepala lawo mu dirowa, atalilemba ndi kaboni, pamwamba atanena kuti lenileni alisiya kunyumba, choncho ili ndilichite mmene mtima wanga ungafunire. Ndinaseka mpaka Lozaliya kuimitsa makina. Munthu amene ndinamuchititsa manyazi pamsika anandipatsanso mpata, ndipo lero ndi iye amene amaona msanga pamene ndayamba kulalikira m'malo mopereka umboni. Za ndodo sitinagwirizanebe. Koma chaka chatha anandiuza kuti yawo yakhala mu kabati miyezi ingapo, ndipo anandichenjeza kuti ndisadzitame nazo.

Pali chinanso chimene uyenera kukonzekera. Ulendo wathawu ku Lusaka anatilowetsa m'chipinda cha makompyuta, ndipo alekichara ena anatiuza kuti mtsogolomu ophunzira azidzatumizirana zolemba pa imelo, n'kufika nthawi yomweyo, ndipo munthu azidzapereka maganizo pa pepala la mnzake amene sanamuonepo nkhope. Anzanga anaomba m'manja. Ine, monga undidziwira, ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga masiku atatu okwiya aja munthu adzawapeza kuti. Anaseka, koma ine sindimaseka. Ndikanakhala ndi njira yowayankhira Amayi Jere madzulo omwewo, ndikanawalembera zimene zikanathetsa ubale wathu. Msewu wa ku Chiparamba ndi umene unandipulumutsa. Ndiponso chimene chinandiphunzitsa pa nkhani ya a Sakala ndi dzanja lawo lotopa lija, limene ndinaliona ndi maso. Sindikana makinawo, adzathandiza mphunzitsi wakumudzi kuposa envulopu yathu. Koma iwe ndi amene udzakhale m'dziko limenelo, choncho nthawi imene msewu unkatipatsa ife udzayenera kudzipatsa wekha, ndipo nkhope imene sukuiona udzayenera kuiganizira usanalembe.

Ukhoza kundifunsa, ndipo uli ndi ufulu, kuti ngati ndinaphunzira zonsezi, n'chifukwa chiyani ndinakuchita iwe zomwezo. Ndakhala ndikudzifunsa masabata atatu, ndipo yankho lake silondikomera. Ndinawerenga bwinobwino mpaka tsamba lachitatu, pamene unalemba kuti miyezi yomaliza Lozaliya ankakuitana ukaweruka kusukulu kuti umulowetsere ulusi mu singano, ndipo ankapondera makina ndi mapazi onse awiri chifukwa limodzi silinkakwananso. Unalembanso kuti ankakuuza kuti usandiuze, chifukwa ndili ndi mayeso. Esinati, ine sindinkadziwa. Miyezi imeneyo ndinkafika pa khonde paja sabata iliyonse, kutsegula dirowa, kutenga envulopu, kumufunsa ngati ali bwino maso anga ali kale pa pepala. Nditawerenga zimenezo, bolopeni inali kale m'dzanja mwanga, ndipo kunali kosavuta kukhala mphunzitsi wako kusiyana ndi kukhala mkulu wake wa Lozaliya. Ndinabisala kuseri kwa inki. Sindikunena izi kuti undikhululukire msanga. Ndikufuna udziwe kuti mizere yofiira ija sinali kuyeza ntchito yako, ndipo nthawi zina wowerenga akakhala wankhanza ndi chifukwa chakuti zolembazo zafika pamene zimayenera kufika.

Tsopano undilole ndichite chimene unandipempha tsiku lija, monga Amayi Jere anandiphunzitsira. Chimene ndamva kuti ukunena ndi ichi: kuti mayi amene anasoka mayunifolomu a ana a Kapata ambirimbiri, iye mwini osapitirira sukulu, anali mbali ya maphunziro a tonsefe, ndipo sitinamuwerengere. Ngati si zimenezo, undiuze. Ndime imene yandigwira kwambiri ndi ija ya mmene ankayezera ana a Giredi 1, kusiya mpindiro waukulu m'munsi mwa diresi n'kumauza mayi wake kuti mwanayu afika patali, musadzabwerenso kudzasoketsa lina. Pamenepo usakhudzepo, mawu ake ali bwino monga alili. Pamene ndinasochera ndi pakati pa tsamba lachisanu ndi chimodzi ndi lachisanu ndi chiwiri. Akusoka, kenaka mwadzidzidzi tili kumanda. Masabata amene anagona m'nyumba muno, iwe ukumusambitsa ndi kumumwetsa phala, mulibemo. Kodi unawasiya dala, kapena dzanja linakana? Ili ndi funso, si lamulo. Nkhaniyo ndi yako, ndipo ukhoza kundiyankha kuti masiku amenewo si a pepala.

Ndikukuthokoza chifukwa cha masamba amenewo. Palibe wina m'banja muno amene anakhala pansi kumulemba mng'ono wanga. Unandipatsa chinthu chimene sindinkadziwa kuti ndachitaya, ndipo unandipatsa ine poyamba, usanapatse wina aliyense. Ndikanayenera kunena zimenezi m'mawa uja.

Ndaona kuti wayamba kuanula zovala zako pa chingwe, choncho ndimalize. Zoyenera kuchitika ndi izi:

1. Masamba a Lozaliya achoke kunsi kwa matiresi alowe m'sutikesi, lero lomwe. Manyazi a mizere ili pamenepo ndi anga, si ako.

2. Mwezi woyamba usanathe, upeze anzako awiri a m'kalasi oti muzisinthana zolemba zisanaperekedwe. Mmodzi mwa iwo akhale munthu amene mumatsutsana. Uziwapatsa kope lachiwiri, loyamba uzisunga.

3. Ukalandira pepala la mnzako, ulembe pa pepala lina. Uyambe ndi kumuuza zimene wamva. Ngati pali cholakwika chachikulu chimene chingamugwetse, uchinene momveka tsiku lomwelo, ngakhale akwiye. Malikisi uwasiyire alekichara.

4. Mawu a wowerenga akakuwawa, usayankhe ndipo usang'ambe kanthu mpaka patapita masiku atatu. Pambuyo pake ukhoza kuwakana, koma ukhale ndi chifukwa choti ungachinene pamaso pake.

5. Mu envulopu ino muli masamba makumi awiri a pepala langa lalikulu lomaliza, limene digiri yanga ikudalira. A Sakala ndi Amayi Jere sanalione. Muli malo amodzi amene ndikukayika kuti ndi ofooka, koma sindikuuza kuti ndi pati. Uliwerenge, ulembe zimene waona, unditumizire. Envulopu yobwezera ili momwemo, sitampa ndamata kale. Liyenera kukhala litafika ku Lusaka pofika Lachisanu lotsatira Pasaka, ndipo sindilitumiza ndisanamve kuchokera kwa iwe. Ukakhala chete, ine ndidikira.

Ndine mayi ako,
ndiponso wophunzira mnzako.